MUNDA NDI DIMBA

Masiku ano ana athu ambiri apita ku sukulu zazikuru kukaphunzira nzeru za kompyuta, ndipo tikondwera nazo. Koma pakati pao pali wophunzira wa mtundu wina amene tifuna kukamba za iye mwezi uno. Usana akhala m'kalasi namva mau a aphunzitsi. Koma dzuwa litalowa, anzace atagona, iye ayatsa kompyuta yace nayamba nchito yina imene palibe munthu anamtuma. Mwina amanga tsamba la pa intaneti lakuti amai a pamsika alembepo mitengo ya malonda ao. Mwina apanga masewero, momwe kamunthu kathamanga ndi kulumpha maenje. Tambala woyamba alira iye ali maso. M'mawa alowa m'kalasi maso ali psuu, ndipo nchito imene mphunzitsi anapereka sanaigwire. Tsono tifunsa: Kodi mwana uyu alakwa, kapena acita bwino? Kodi munthu atsate nchito imene mtima wace uikonda, kapena imene anamtumira?

Akuru ambiri ayankha msanga, nati, Mapanga awiri abvumbwitsa. Ukayendera mzengo usamati asakhwi afumbula. Mau awa ali ndi coonadi, ndipo mnyamata asawanyoze. Pakuti iye sanafike pa sukulu ndi mphamvu yace yekha. Atate wace anagulitsa mbuzi, amace anatula pamsika matumba a mtedza amene akadadya m'nyumba, ndipo kapena mlongo wace wamng'ono alindira kuti mkuruyo atsirize, ndarama zitembenukire kwa iye. Cotero nthawi ya wophunzirayo siiri yace yekha; ena anaigula ndi thukuta. Akaitaya nalephera mayeso, wataya cuma ca eni ace.

Komatu tisafulumire kuweruza, pakuti mlandu suzengedwa ndi mboni imodzi. M'caka ca 1991 kunali mnyamata wa zaka 21, dzina lace Linus Torvalds, wophunzira pa yunivesite ya Helsinki m'dziko la Finland. Anagula kompyuta ya ngongole, yolipira pang'ono pang'ono, ndipo masiku oyamba anangosewerapo masewero ochedwa Prince of Persia. Pambuyo pace anayamba kulemba yekha pulogalamu yoyendetsa kompyuta yonse, nauza anzace m'mwezi wa August kuti acita izi mongodzikondweretsa. Nchito imeneyo ndiyo Linux, imene lero iri m'kati mwa lamya zonse za Android, ndi m'makompyuta ambirimbiri osunga masamba a pa intaneti. Ndipo taonani cina: masewero aja anawapanga Jordan Mechner, amene anaturutsa masewero ace oyamba kuchuka, Karateka, m'caka ca 1984, akali wophunzira pa yunivesite ya Yale ku America. Anthu awa akadamvera wowauza kuti, Leka zacibwana, dziko likadasowa zinthu zabwino.

Apa anyamata ena akondwa nati, Ndico cimene tinena ife. Nanga Bill Gates sanasiye sukulu ya Harvard mu 1975 nayamba Microsoft? Nanga Mark Zuckerberg sanayambe Facebook mu 2004 m'cipinda cace cogona, nacoka pa sukulu yomweyo? Inde, anatero. Koma tiyeni tione bwino. Gates anayamba kulemba mapulogalamu ali ndi zaka 13, ndipo anacokera m'banja la cuma. Cinthuco cikadakanika, nsima ikadampeza. Ndiponso timva maina a awiri awa cifukwa anapambana. Iwo amene anasiya sukulu natsala manja ali m'khosi palibe awalemba m'mabuku. Woweruza ulenje poona mlenje mmodzi wobwera ndi nyama, osawerenga obwera cimanjamanja, adzinyenga yekha. Torvalds ndi Mechner sanasiye sukulu ai. Onse awiri anatsiriza. Torvalds anapeza mbeu ya nchito yace m'buku la Andrew Tanenbaum, limene analiwerenga cifukwa ca phunziro la m'kalasi. Ndipo polandira digiri yace yaciwiri, cimene analembera oyesa cinali ca Linux yemweyo.

Tsono m'kalasi muli ciani cimene munthu sangacitole yekha usiku? Tipereke citsanzo. Tiyese kuti tsamba la mnyamata uja lakula, ndipo liri ndi maina 1,000,000. Wosaphunzira afuna dzina limodzi poyamba pamwamba ndi kutsika nalo mmodzi mmodzi, ndipo mwina ayang'ana maina onsewo. Wophunzira adziwa kuti mainawo akaikidwa m'dongosolo, atha kugawa pakati, nataya theka, nagawanso pakati. Ndipo mafunso 20 okha amkwanira. Pamene maina anali 50, njira zonse ziwiri zinaoneka zabwino; kusiyana kuoneka tsiku limene anthu acuruka. Momwemonso m'masewero: cithunzi cisintha nthawi 60 pa sekondi imodzi, ndipo pa kanthawi kakang'onoko kompyuta iyenera kuwerengera pamene kamunthu kafika, ndi pamene mwala ugwa. Kuwerengera kumeneko ndiwo masamu omwe aja mnyamata anawathawa m'mawa. Palinso cina coposa izi. Anthu olowa pa tsamba lace ampatsa maina ao ndi mau ao acinsinsi. Akawasunga poyera, cifukwa anagona pa phunziro la kabisidwe kace, mbala idzawatenga, ndipo olira adzakhala anthu amene anamkhulupirira. Pamenepo umbuli wace wasanduka colakwira anzace.

Nanga nchito ya usiku ipatsa ciani cimene kalasi silipatsa? Funso la mphunzitsi liri ndi malire, ndipo yankho lace lidziwika kale. Mwana akapereka pepala, aiwala. Koma cimene munthu wadziyambira cimfunsa tsiku ndi tsiku. Apatsa mnzace masewerowo, mnzaceyo akanikiza pamene wopangayo sanaganize, ndipo zonse ziima. Pamenepo aphunzira kudzicepetsa ndi kufunafuna colakwa cace mopirira. Aphunzira kuti cinthu cipangidwira anthu, ndi kuti amai a pamsika ali ndi lamya yaing'ono ndi ndarama zocepa zogulira intaneti. Koposa zonse, nchito iyi isunga moto. Taona ophunzira ena okhoza mayeso onse, koma manja ao sanapangepo kanthu, ndipo cikondi ca nchito cinazima mwa iwo asanaturuke pa sukulu. Mphunzitsi wozima moto wotere, kapena kholo, alakwa kwakukuru.

Cifukwa cace ife tiyesa kuti makolo athu anamasula funso ili kale, angakhale sanaone kompyuta. Mlimi ali ndi munda, alinso ndi dimba. Munda ndiwo udzaza nkhokwe. Dimba la kudambo lipatsa ndiwo ndi mondokwa m'cilimwe, ndipo nthawi zambiri ndilo mwini alikonda, pakuti ayesamo mbeu zacilendo monga afuna. Palibe amseka cifukwa ca dimba lace. Koma mvula yoyamba ikagwa, mlimi wanzeru asiya dimba nathamangira kumunda, podziwa kuti nyengo yobzala siilindira munthu. Maphunziro ndiwo munda, ndipo mayeso ali ndi tsiku lace; masewero ndi masamba ndiwo dimba, ndipo sizithawa. Zonse ziwiri nza mwini mmodzi. Colakwa ciri pa kusadziwa nyengo.

Tsono wophunzira adziyese ndi mafunso atatu. Loyamba: Kodi ndipita ku dimba cifukwa ndilikonda, kapena cifukwa ndithawa khasu la kumunda? Pali ambiri amene akumbukira masewero ao tsiku lomwe phunziro lobvuta lawakanika, ndipo cimene aciyesa cangu ndiwo ulesi wobvala bwino. Laciwiri: Kodi ndatsiriza ciani? Wina ayamba tsamba lero, mawa masewero, mkuja cinanso, ndipo pakutha pa caka ali nazo khumi zosatha. Ici cakoma, ici cakoma, pusi anagwa cagada. Kanthu kamodzi kakang'ono kotha, kamene munthu wina akagwiritsa nchito, kaposa zazikuru khumi zogona m'kompyuta. Lacitatu, ndilo lalikuru: Kodi alipira ndani? Ngati mphunzitsi wapereka nchito ya anthu anai, ndipo atatu asenza katundu wa wacinai, iye wawabera. Ngati nthawi yamthera natenga yankho la mnzace, kapena nauza makina amlembere, nalembapo dzina lace, wanama. Ndipo dimba lothiriridwa ndi bodza silidzamdyetsa. Ngati abisira makolo ace kuti walephera, mtima wace wamtsutsa kale.

Ndipo pamene nkotheka, alumikize ziwirizi. Apite kwa mphunzitsi nanene poyera cimene apanga, napemphe kuti cikhale nchito yace ya caka cotsiriza. Izi zinacitikapo. Mu 2005 ophunzira a sukulu ya DigiPen ku America anapanga masewero ochedwa Narbacular Drop monga nchito yao ya sukulu. A kampani ya Valve atawaona analemba nchito gulu lonse, ndipo mu 2007 munaturuka Portal, masewero odziwika m'maiko ambiri. Si onse adzaona mwai wotere, koma ali yense atha kufunsa.

Kwa inu makolo ndi aphunzitsi tinena ici: mukaona nyali iri kuyaka usiku, musayambe ndi kukalipa. Khalani pansi, mwanayo akuonetseni cimene wapanga. Mumyamike pa cimene ciri cabwino, ndipo mutatero mumfunse za mayeso. Ndipo kwa inu ana athu: sungani dimba lanu, musacite nalo manyazi. Koma mitambo ikayamba kuda, nyamulani khasu mupite kumunda, pakuti kumudzi alindira nkhokwe.