Khutba ya Ijumaa: Tikagonja, Chala Timaloza Yani?

Kuyamikidwa konse ndi kwa Allah, Mwini kupereka ndi Mwini kumana. Tikuikira umboni kuti palibe wopembedzedwa m'choonadi koma Iye yekha, ndi kuti Muhammad ndi kapolo Wake ndi Mtumiki Wake, mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye. Inu akapolo a Allah, tiyeni timuope Allah pa nthawi ya chimwemwe ndi pa nthawi ya chisoni.

Abale ndi alongo m'Chisilamu, lero titenge phunziro kuchokera kutali, ku America, kumene anthu amakonda masewera a baseball monga mmene ife timakondera mpira wamiyendo. M'masewerawa wina amaponya kampira kolimba, wina n'kukamenya ndi chibonga, ndipo kakawakhidwa m'malere womenyayo amatuluka.

Timu ya Chicago Cubs inali isanatengeko chikho chachikulu cha World Series kuyambira 1908. Usiku wa pa 14 Okutobala 2003, pa bwalo lawo la Wrigley Field, ankatsogola 3 kwa 0 polimbana ndi Florida Marlins, masewera ali pafupi kutha. Kupambana kukanawalowetsa mu ndime yomaliza ya chikhocho koyamba chiyambire 1945. Kenaka kampira kanauluka kulowera m'mphepete, kumene kumakhala oonerera. Wosewera wa Cubs, Moisés Alou, anadumpha kuti akawakhe, koma oonerera angapo anatambasulanso manja, ndipo kanagunda dzanja la mmodzi wa iwo n'kugwa. Zitatero zinthu zinasokonekera. Wosewera wina wa Cubs anaphonya kampira kosavuta, Marlins inapeza mapointi 8 m'chigawo chimenecho chokha, ndipo mawa lake Cubs inagonjanso n'kutuluka mu mpikisano.

Munthu uja anali wochemerera Cubs yemweyo, ndipo mtima wake unasweka ngati wa anzake. Komabe khamu linamutembenukira. Anamutukwana, anamugenda ndi zinyalala, mpaka achitetezo anachita kumutulutsa m'bwalo. Anapepesa poyera, koma anakhala zaka zambiri akubisala. Ena ankati timuyo inatembereredwa mu 1945 ndi munthu amene anathamangitsidwa m'bwalo pamodzi ndi mbuzi yake. Mu 2004 kampira kaja kanaphulitsidwa pamaso pa anthu, ati pochotsa tsoka.

Tisafulumire kuwaseka. Tidzifunse: chinthu chimene tinachiyembekezera chikatipulumuka, timachita chiyani? Mtima wa munthu umakana kuti kugonja kungakhale ndi zifukwa zambiri, umafuna nkhope imodzi yoti uikwiyire. Makolo anati mutu umodzi susenza denga, koma ife mlandu wa gulu lonse timausenzetsa mutu umodzi. Timu ikagonja, woyimbira amathawa miyala. Malonda akalowa pansi, timati mnansi watilodza. Mwana akamwalira ndi malungo, maso onse amapita kwa gogo wosauka wa kumapeto kwa mudzi. Zonsezi ndi kupondereza, ndipo wopondereza adzayankha pa Tsiku la Chiweruzo. Kukhulupirira kuti mbuzi, kampira kapena malodza zili ndi mphamvu yosintha zimene Allah wakonza ndi khomo lolowera ku shirk.

Takumbukirani Uhud, m'chaka cha 3 cha Hijra. Sitikufanizira nkhondo ndi masewera, koma tikuyang'ana khalidwe la munthu akagonja. Mtumiki anaika oponya mivi 50 pa kaphiri n'kuwalamula kuti asachokepo. Ambiri a iwo ataona ngati nkhondo yatha anatsika. Khalid ibn al-Walid, amene panthawiyo anali asanalowe Chisilamu, anazungulira ndi apakavalo ake n'kuwadzera Asilamu kumbuyo. Maswahaba pafupifupi 70 anaphedwa, kuphatikizapo Hamza, ndipo Mtumiki mwini anavulazidwa kumaso. Apa olakwa ankadziwika ndithu. Komabe mu Surat Aal Imran, Allah anatchula cholakwacho mosabisa, anawakhululukira, ndipo analamula Mtumiki Wake kuti awakhululukire, awapemphere chikhululuko, ndi kupitiriza kukambirana nawo zinthu. Cholakwa chinakonzedwa, anthu sanatayidwe.

Kukhulupirira Qadar sikutiletsa kufufuza pamene zinalakwika, ndipo kupirira sikuletsa misozi. Chimene kumatiletsa ndi kusandutsa m'bale wathu nsembe ya mkwiyo wathu. Wamphamvu weniweni, monga anatiphunzitsira Mtumiki, amadziwika pougwira mtima pamene wakwiya.

Mu 2016 Cubs inatenga chikho chija patatha zaka 108, ndipo chaka chotsatira inapatsa munthu uja mphete ya opambana. Chinali chinthu chabwino, koma zaka zake za mantha palibe anazibweza. Kodi ifenso tidikira mpaka zinthu zitiyendere bwino kuti tikhululuke? Ngati pali wina amene tinamusenzetsa mlandu wa kulephera kwathu, m'banja, pa ntchito kapena mu mzikiti muno, timupeze lero dzuwa lisanalowe. Sitidziwa ngati Ijumaa ikubwerayi idzatipeza tonse.

E Allah, tipatseni kupirira tikagonja ndi kudzichepetsa tikapambana. Tetezani malirime athu ndi manja athu kuti asavulaze akapolo Anu. Tikhululukireni ife, makolo athu ndi Asilamu onse, amoyo ndi omwe anatsogola. Ameen.