KODI CHIMENE CHIMASUNGA KHIRISIMASI N'CHIYANI?

Pamene tikukonzekera kukumbukira kubadwa kwa Mpulumutsi wathu, tiyeni tilingalire pamodzi funso ili: kodi tsiku lopatulika limasungidwa ndi miyambo yake, kapena ndi chikhulupiriro cha anthu amene akulikumbukira? Mbiri ya Akhristu a ku Russia ingatithandize, pakuti kumeneko boma linalekanitsa dala zinthu ziwirizi kwa zaka zoposa 60.

Akhristu ambiri a ku Russia ndi a mpingo wa Orthodox, umene mizu yake ili pa ubatizo wa mfumu Vladimir ya ku Kiev m'chaka cha 988. Khirisimasi yawo imachitika pa 7 Januwale. Chifukwa chake n'chakuti mpingo wawo umawerengabe masiku ndi kalendala yakale ya Julius Caesar, imene yatsalira m'mbuyo ndi masiku 13, ngakhale boma linayamba kugwiritsa ntchito kalendala yatsopano mu 1918. Tsikuli lisanafike amasala kwa masiku 40 kuyambira pa 28 Novembala, osadya nyama, mazira kapena mkaka. Tsiku loti mawa ndi Khirisimasi, okhulupirira ambiri salawa kanthu kufikira nyenyezi yoyamba itaoneka kumwamba, pokumbukira nyenyezi imene inatsogolera anzeru a kum'mawa. Ikaoneka amadya sochivo, tirigu wowiritsa wosakaniza ndi uchi, kenaka amapita ku mapemphero a usiku, kumene amapembedza chiimire kwa maola angapo.

Achikomyunizimu atatenga boma mu 1917 anayamba kulimbana ndi mpingo. Mu 1929 Khirisimasi inasanduka tsiku wamba la ntchito, ndipo mtengo wa Khirisimasi unaletsedwa. Pa 5 Disembala 1931 anaphulitsa tchalitchi lalikulu la Khristu Mpulumutsi mu mzinda wa Moscow, ndipo patapita zaka pamalopo anakonzapo dziwe losambiramo. Ansembe zikwizikwi anamangidwa ndi kuphedwa, makamaka mu 1937 ndi 1938.

Koma taonani chimene chinachitika kumapeto kwa 1935. Mkulu wina wa chipani, Pavel Postyshev, analemba m'nyuzipepala ya Pravda kuti ana awabwezere mtengo wawo. Boma linavomera, koma linausamutsira ku Chaka Chatsopano. Mphatso zinabwerera, nyali zinabwerera, maphwando anabwerera. Pansonga pa mtengo anaikapo nyenyezi yofiira ya boma m'malo mwa nyenyezi ya ku Betelehemu, ndipo wogawa mphatso anali Ded Moroz, nkhalamba ya chisanu ya m'nthano zawo. Zokongola zonse za Khirisimasi zinalipo, Mwana yekha ndiye anasowa.

Apa ndiye pali phunziro loyamba. Adani a chikhulupiriro sanaope mtengo, sanaope mphatso, sanaope chakudya. Anazindikira kuti mwambo ungathe kutsalapo ngakhale tanthauzo lake litachotsedwa, ndipo anthu n'kumasangalalabe osamva kuti pali chasowa. Paja akulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Nanga chikhulupiriro chinapulumukira kuti? Pa kalembera wa mu 1937 boma linafunsa anthu ngati amakhulupirira Mulungu, ndipo oposa theka la akuluakulu anayankha kuti inde. Boma linabisa zotsatira za kalemberayo. M'zaka zotsatira, amene ankadzaza matchalitchi ochepa otsalawo anali amayi achikulire, amene kwawoko amawatchula babushka, kutanthauza agogo aakazi. Iwowa analibe maudindo amene boma likanawalanda. Ankayatsa kanyali patsogolo pa chithunzi chopatulika pangodya ya nyumba, ankatenga zidzukulu mobisa kukazibatiza, ndipo ankaziphunzitsa kulemba chizindikiro cha mtanda ndi kunena pemphero la Ambuye. Akuluakulu a chipani ankadikira kuti agogowa akatha kufa mpingo uthanso, koma agogo ena ankalowa m'malo mwawo. Tikamva zimenezi timakumbukira Loisi ndi Yunike, agogo ndi amayi ake a Timoteo, amene Paulo Woyera anawatchula kuti ndiwo anayamba kukhala ndi chikhulupiriro chimene chinali mwa mnyamatayo.

Tsono wina anganene kuti: "Basi, miyambo ilibe ntchito, chofunika ndi mtima wokha." Tisafulumire. Agogo aja anasunga chikhulupiriro pogwiritsanso ntchito miyambo. Kusala kudya ndi mwambo, kudikira nyenyezi ndi mwambo, kanyali kaja ndi mwambo. Mwana sangathe kuona za mumtima mwa agogo ake, koma amaona kuti lero mphika wa nyama sunaikidwe pamoto, ndipo amafunsa chifukwa chake. Funso limenelo ndilo limatsegula khomo la Uthenga Wabwino. Chikhulupiriro chopanda chizindikiro chooneka chimavuta kuchipatsira kwa mwana, monga momwe madzi amavutira kunyamula opanda mtsuko.

Choncho kusiyana kuli pa mtundu wa mwambo. Mtengo unatheka kusamutsidwa chifukwa aliyense angathe kuukongoletsa popanda kutchula Yesu. Kusala kudya n'kudikira nyenyezi sikukanasamutsidwa, pakuti palibe amene angakhale ndi njala tsiku lonse popanda wina amene akumuyembekezera. Mwambo umene umatitengera kanthu, umenenso sitingaufotokoze osatchula dzina la Khristu, ndi umene umasunga chikhulupiriro.

Pa 7 Januwale 1991 Khirisimasi inakhalanso tsiku la tchuthi ku Russia. Tchalitchi la ku Moscow lija linamangidwanso ndi kudalitsidwa mu 2000. Komabe kufikira lero Chaka Chatsopano ndicho chikondwerero chachikulu m'mabanja ambiri, ndipo chimagwa mkati mwa masiku osala kudya, kotero kuti Mkhristu wodzipereka amayenera kusankha pakati pa tebulo la abale ndi lamulo la mpingo. Ufulu unabweranso ndi yesero lina. Kuyambira 2022, pamene Russia inalowa ndi nkhondo m'dziko la Ukraine, mtsogoleri wa mpingowo, Patriarch Kirill, waikira kumbuyo nkhondoyo, ndipo anthu obatizidwa ubatizo umodzi akhala akuphana. Mpingo umene unapirira udani wa boma wavutika kupirira ubwenzi wake. Matchalitchi okongola paokha satsimikizira kuti Mfumu ya Mtendere yalandiridwa.

Amayi anzathu, ife palibe amene watiletsa Khirisimasi. Koma tiyeni tiyese miyambo ya m'nyumba zathu ndi muyeso womwewo. Mpunga, nkhuku ndi zovala zatsopano n'zabwino, ndipo tiyamike Mulungu akatipatsa. Funso n'lakuti, mwana wathu atafunsidwa chifukwa chimene tikusangalalira, angayankhe chiyani? Nyengo ya Adiventi ino banja lililonse lisankhe chinthu chimodzi chimene chingautse funso mwa ana: kuwerenga Luka mutu 2 tisanadye, kudzimana kanthu kuti tipatse wamasiye, kapena kupita tonse ku Misa phwando lisanayambe. Paja kuongola mtengo mpoyamba.

Tikumbukirenso m'mapemphero athu amayi a ku Russia ndi a ku Ukraine amene akulira ana awo. Ambuye atipatse mtima wa agogo aja, kuti zidzukulu zathu zidzamudziwe Mwana wobadwira m'khola. Amen.