Dzanja lisaiwale cholembera

Abale ndi alongo a ku Etwatwa, inu amene mumadzuka kusanache kukakwera matekisi a ku Benoni, ku Springs ndi ku Kempton Park, pempho langa ndi limodzi: gwiraninso cholembera. Manja athu ndi olimba ndithu. Amamanga nyumba, amasoka zovala, amawotcherera zitsulo, amalera ana a anthu. Koma manja omwewo mukawapatsa bolopeni kuti adzaze tsamba limodzi, pofika mzere wachisanu zala zayamba kuwawa, zilembo zikukwerana, ndipo mwiniwake akati abwereze kuwerenga, akulephera kuzindikira zomwe walemba yekha. Ukalamba tisaunamizire. Takhala zaka zambiri tikulankhula ndi zala zazikulu ziwiri pagalasi la foni, zala zinazo zili phee. Khasu lokhala pakhonde osalowa m'munda limachita dzimbiri, ndipo dzanja nalo likutero.

Kumbukirani kuti dera lino makolo athu analiponda ife tisanabadwe. Migodi ya golide ya ku Benoni, Brakpan, Springs ndi Boksburg inameza thukuta la anthu ochokera kumpoto kwa Limpopo, ndipo kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 Amalawi oposa 100,000 ankagwira ntchito m'migodi ya dziko lino la South Africa, ambiri atabwera ndi Wenela. Mu 1974 ndege yonyamula anthu a m'migodi itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, boma la Kamuzu Banda linaimitsa kutumiza anthu ku Joni kwa zaka zingapo. M'zaka zonse zimenezo, chomwe chinkalumikiza bambo wa m'komboni ndi banja lake ku Mzimba, ku Dedza kapena ku Mangochi inali kalata. Wodziwa kulemba ankakhala pabedi lake Lamulungu masana, anzake atandandalika, aliyense akudikira kuti amulembere. Kumudzi nako mwana wa sukulu ankaitanidwa kuti awerengere agogo ake, akamaliza n'kung'amba pepala pakati pa kope kuti alembe yankho. Amayi osadziwa ngakhale chilembo chimodzi ankatha kuyang'ana envelopu n'kudziwa kuti walemba ndi mwana wawo kapena wamulembera wina. Amene analeka kulembera kwawo ndiwo ankatchedwa machona. Makolo athuwo ankalilakalaka luso lolembali, ena analiphunzira ali ndi imvi. Ife tinalilandira kwaulere kwa aphunzitsi a Sitandade 1, pasileti ndi pamchenga. Kodi tilitaye chifukwa cha foni?

Wina anena kuti nthawi zinasintha, zonse zili pa WhatsApp, ndalama timatumiza pa Mukuru, ukatopa kutayipa umangojambula mawu. N'zoona, ndipo foni ndi dalitso kwa munthu wokhala kutali ndi kwawo. Koma tayendani m'misewu ya ku Barcelona ndi ku Emaphupheni muone pomwe cholembera chikulamulabe. Pa spaza pali kope la ngongole, lodetsedwa ndi mafuta m'mphepete, mmene mwalembedwa buledi, shuga ndi parafini zomwe mudzalipire mwezi ukatha. Pagulu la chipereganyu ndi pagulu lothandizana pamaliro pali mlembi, ndipo tsiku lomwe manambala ake sakuoneka bwino, 1 akufanana ndi 7, anthu opemphera mpingo umodzi amasiya kupatsana moni. Telala amalemba miyezo ya kasitomala m'kabuku. Mmisiri womanga amalemba matumba a simenti kuseri kwa katoni. Ndiye pali katundu wopita kumudzi: chikwama chachikulu chomangidwa ndi selotepi, chodutsa pa Beitbridge, pa Nyamapanda, kuwoloka Zambezi ku Tete mpaka kukalowa pa Mwanza kapena pa Dedza. Chomwe chimachifikitsa m'manja mwa amayi anu ndi dzina ndi nambala zomwe munalemba pamwamba pake. Zikafufutika kapena zikakhala zosawerengeka, thukuta la miyezi isanu limatsikira pa siteji ya eni.

Onjezani mafomu a kuchipatala, a ku Home Affairs, a kusukulu ya mwana, ndi siginecha yomwe iyenera kufanana ndi ya m'pasipoti. Onjezaninso tsiku lomwe magetsi azima, batire latha, kapena foni yatsomphoredwa pa renki. Ndi angati mwa ife amene ali ndi nambala ya mbale wawo penapake papepala? Munthu wa kudziko la eni ayenera kukhala ndi kabuku komwe wakuba sangakasirire.

Nkhaniyi ikupitirira pa kukongola kwa zilembo. Akatswiri ofufuza za ubongo apeza kuti dzanja likamalemba, mutu umagwira ntchito mosiyana ndi pamene tikungodina mabatani. Mu 2012, Karin James wa ku Indiana University ku America anayesa ana a zaka zisanu omwe anali asanadziwe kuwerenga. Zilembo zina anazilemba okha, zina anatsatira timadontho, zina anadina pa kompyuta. Atawaunika, mbali za ubongo zomwe munthu amagwiritsa ntchito powerenga zinadzuka kwambiri anawo poona zilembo zomwe analemba okha. Mu 2024, Audrey van der Meer ndi Ruud van der Weel a pa yunivesite ya ku Trondheim m'dziko la Norway anafalitsa zomwe anapeza mwa ophunzira 36: polemba pamanja, mbali zambiri za ubongo zinkalumikizana kuposa potayipa. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Pa foni, chala chimachita chimodzimodzi kaya mukufuna "b" kaya "d". Ndi cholembera, chilembo chilichonse chili ndi njira yake, maso akuyang'anira, zala zikukhota, mutu ukukonza. Komanso poti dzanja limachedwa, limakukakamizani kusankha mawu, ndipo chomwe mwasankha nokha chimakhazikika.

Mayiko ena olemera omwe anathamangira kupatsa ana makompyuta ayamba kubwerera. Mu 2023 dziko la Sweden linalengeza kuti likubwezera mabuku osindikizidwa ndi kulemba pamanja m'makalasi a ana aang'ono. Ku California, kwawo kwa makampani akuluakulu a zamakono, lamulo loti ana a pulayimale aziphunzira kulemba molumikiza zilembo linayamba kugwira ntchito mu 2024. Kuno nako, kafukufuku wa PIRLS wa 2021 anapeza kuti ana 81 mwa 100 aliwonse a Giredi 4 mu South Africa satha kuwerenga n'kumva tanthauzo. Ana athu ali m'makalasi omwewo. Ndipo kaya adzalemba matiriki kuno, kaya mudzawatumiza kumudzi kukalemba mayeso a MANEB, adzakhala maola awiri kapena atatu ndi bolopeni m'manja, popanda foni yowakonzera masipelo. Wochonga sangapereke malikisi pa yankho lomwe sakutha kuliwerenga. M'mera mpoyamba, makolo anzanga. Mwana akalira tisamangomupatsa foni kuti atonthole. Timupatse pensulo ndi katoni yakale ajambulepo.

Ngati mukufuna chitsanzo cha mphamvu ya dzanja, dziko lomwe tikukhalali lili nacho. Nelson Mandela atatsekeredwa ku Robben Island mu 1964, poyamba ankaloledwa kalata imodzi yokha pa miyezi isanu ndi umodzi, yosapitirira mawu 500, ndipo oyang'anira ndende ankaifufuta kapena kuibisa. Iye sanaleke. Ankayamba wakopera kalatayo m'kope asanaipereke, kuti mawu ake asatayike. Analera ana ake ndi cholembera ali kuseri kwa nyanja, ndipo mu 2018 makalata ake 255 anasindikizidwa m'buku. Kwathunso tili ndi Nolence Mwangwego, amene kuyambira 1979 anakhala pansi kupanga zilembo zakezake zolembera zilankhulo za m'Malawi, n'kuzionetsa kwa anthu mu 1997. Ngati munthu anapirira zaka zonsezo kupanga zilembo zatsopano, ife tingalephere kusunga zomwe tinapatsidwa kale?

Tiyeni tiyambe lero, ndipo sizifuna ndalama zambiri. Kope limodzi ndi bolopeni n'zotchipa kuposa data ya sabata imodzi. Madzulo aliwonse, musanagone, lembani zomwe mwapeza ndi zomwe mwawononga tsiku limenelo; mudzadabwa kuona komwe ndalama zanu zimathawira. Tsamba loyamba likhale la manambala a abale anu ndi a anthu oti aimbiridwe mutadwala mwadzidzidzi. Kutchalitchi kapena kumzikiti, lembani mfundo za ulaliki pamanja. Mukamatumiza katundu, ikanimo kalata ya agogo, m'Chichewa chathu chomveka bwino, yomwe adzaisunga m'Baibulo kapena pansi pa sutikesi, zaka zitapita uthenga wa pafoni utafufutika. Mwana akamalemba ntchito ya kusukulu, khalani naye pambali ndi kope lanu, aone kuti bambo ndi mayi nawonso amalemba. Muuzeni mayina a mudzi wanu, mfumu yanu, mtsinje wanu ndi mfunda wanu, iye azilemba, kuti ngakhale anabadwira ku Ekurhuleni adziwe kulemba za kwawo.

Masiku oyamba zala zidzawawa ndipo zilembo zidzapendekeka. Musachite manyazi, musang'ambe tsambalo. Dzanja siliiwaliratu zomwe linaphunzira lili laling'ono, mukalilimbikira, limakumbuka. Inu achinyamata othamanga pa foni, khalani alembi a magulu athu, muonetse kuti mungathe zonse ziwiri. Inu akuluakulu omwe munaphunzira kulemba mwaluso m'masukulu a mishoni, musapite nalo kumanda luso limenelo. Itanani adzukulu Loweruka muwaphunzitse. Atsogoleri a mipingo ndi a magulu a Amalawi, ikani makope ndi mapensulo pa mndandanda wa zogula, pamodzi ndi mpunga wa pachikondwerero.

Tinawoloka malire atatu kudzafuna moyo wabwino. Tisabwerere kwathu ndi mafoni apamwamba koma manja osatha kulemba dzina la mudzi wathu. Pitani pa spaza lero, gulani kope, lembani deti pamwamba pa tsamba loyamba, ndipo mawa mulembenso!