Mphepo, Madzi ndi Mwayi wa Munthu

Kuyambira kalekale munthu wakhala akudzifunsa chifukwa chimene mudzi wina umalemerera pamene mudzi woyandikana nawo ukusauka, chonsecho yonse imalandira mvula imodzimodzi. Ena amati chinsinsi chili m'manja mwa eni mudzi, ena amati chili m'malo amene mudziwo udamangidwapo. Funso limeneli si lachibwana, pakuti yankho lake limalamula mmene munthu amaonera ntchito yake, mnansi wake ndi nthaka imene imamudyetsa. Ngati mwayi uli m'malo, ndiye kuti wolemera alibe mangawa kwa wina aliyense. Ngati uli m'manja mokha, ndiye kuti nthaka ndi kapolo wongoyenera kulamulidwa. Pofuna kuunika nkhaniyi, nkoyenera kuika pamodzi zinthu ziwiri zotalikirana: nzeru ya ku China yotchedwa feng shui, ndi dera la Champagne la ku France, kumene kumachokera vinyo wothetheka wotchuka padziko lonse.

Mawu akuti feng shui amatanthauza mphepo ndi madzi. Nzeru imeneyi imaphunzitsa kuti m'nthaka mumayenda mpweya wa moyo wotchedwa qi, umene mphepo imaumwaza koma madzi amausunga. Chiphunzitsochi chimapezeka m'buku lakale lonena za kasankhidwe ka manda, limene ambiri amati adalemba ndi Guo Pu, katswiri amene adamwalira m'chaka cha 324. Malo abwino, malinga ndi akatswiri a feng shui, amakhala ndi phiri kumbuyo, zitunda mbali zonse ziwiri ngati manja a mpando, ndi madzi oyenda mofatsa kutsogolo. Mafumu a mtundu wa Ming adatsata malangizo amenewa. Nyumba yawo yachifumu ya ku Beijing, imene idatha kumangidwa m'chaka cha 1420, idayang'ana kummwera, ndipo kumbuyo kwake adaunjika dothi mpaka kusanduka kaphiri kotchedwa Jingshan, koti kazitchinjiriza nyumbayo ku zoipa zochokera kumpoto.

Katswiri wa feng shui atati afike ku Champagne, mtunda wa makilomita pafupifupi 150 kum'mawa kwa Paris, akhoza kuona zambiri zomukondweretsa. Minda ya mphesa, yokwana mahekitala pafupifupi 34,000, yambiri idayalidwa m'mbali mwa zitunda. Pamwamba pa chitunda cha Montagne de Reims pali nkhalango, ndipo kunsi kwa zitunda za Hautvillers kumayenda mtsinje wa Marne. Minda ya ku Côte des Blancs idayang'ana kum'mawa, kotero kuti dzuwa la mmamawa limaumitsa mame msanga. Alimi a kumeneko sadayale minda yawo motero potsata Guo Pu. Adangoona kuti mpweya wozizira umatsikira m'chigwa usiku, choncho mpesa wobzalidwa pakati pa chitunda umapulumuka ku chisanu kuposa wa kunsi. Adaonanso kuti mwala wa choko umene uli pansi pa minda yawo, umene udapangika pamene dera lonselo lidali pansi pa nyanja, umameza madzi mvula ikachuluka ndi kuwabwezera ku mizu pa nthawi ya chilala. Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa. Mlimi wa ku France ndi katswiri wa ku China onse adaphunzira choonadi chimenechi pa sukulu imodzi, ndiyo ya kupenyetsetsa.

Komabe kugwirizanaku kuli ndi malire. Midzi ya Verzenay ndi Mailly, imene mphesa zake zili m'gulu la zapamwamba kwambiri, ili kumbali ya kumpoto ya Montagne de Reims, mbali imene buku la feng shui silikadaisankha. Ndiponso dera lonselo ndi lozizira kotero kuti mphesa zake zimapsa movutikira ndipo zimakhala zowawasa. Ngakhale thovu limene lidatchukitsa vinyoyu lidayamba ngati chilema. Nyengo yachisanu inkaimitsa vinyo asadathe kuwira, ndipo kukayamba kufunda ankawiranso ali kale m'botolo, mabotolo ambiri nkuphulika. Dom Pérignon, mmonke amene adayang'anira vinyo wa ku Hautvillers kuyambira 1668 mpaka imfa yake mu 1715, adadziwika ndi luso losakaniza mphesa za minda yosiyanasiyana, ndipo thovulo kwa iye lidali vuto lofunika kulithetsa. Padafunika mabotolo olimba a ku England, ndiponso njira yochotsera masese m'botolo imene idapezeka kunyumba ya malonda ya Mayi Clicquot cha m'ma 1816, kuti chilema chisanduke chuma. Kanthu n'khama, phwiti adakwatira njiwa. Malo adapereka kuzizira ndi choko basi. Mibadwo ya anthu ndiyo idapeza chochita nazo.

Pali umboni wina wolemera kuposa umenewu. Malo abwino sadatchinjirize eni ake ku tsoka. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1800 kachilombo kotchedwa phylloxera kadalowa m'mizu ya mipesa, ndipo m'kupita kwa zaka alimi adakakamizika kuzula minda ndi kubzalanso mipesa yolumikizidwa ku mizu yochokera ku America. M'chaka cha 1911 alimi, atatopa ndi zokolola zoipa ndiponso ndi amalonda ena amene ankagula vinyo wotchipa kumadera ena nkumamugulitsa m'dzina la Champagne, adatentha nyumba zamalonda m'tauni ya Aÿ, mpaka boma lidatumiza asilikali. Zitunda zidali zomwezo, mtsinje udali womwewo, koma chilungamo chidasowa, ndipo mtendere udasowa nacho limodzi. Lamulo la mu 1927 lokhazikitsa malire a deralo lidachita zimene phiri lidalephera. M'chaka cha 1914 nkhondo idafika. Mzinda wa Reims udaphulitsidwa ndi mizinga, ndipo anthu adathawira m'mapanga a choko osungiramo vinyo, momwemo ana nkumaphunziramo sukulu. Ku China nakonso, m'chaka cha 1644, pamene oukira adalowa mu Beijing, Chongzhen, mfumu yomaliza ya Ming kulamula mumzindawo, adadzimangirira pa kaphiri komwe kaja ka Jingshan. Ufumu wovutika ndi njala ndi misonkho sudapulumuke chifukwa cha mulu wa dothi.

Apa wina akhoza kunena kuti malo alibe kanthu, ndipo munthu achite nawo monga afunira. Ganizo limeneli ndi lolakwikanso, ndipo Champagne yomweyo ikutsimikiza zimenezi. Kwa zaka zambiri, mpaka m'ma 1990, zinyalala zogayidwa zochokera m'mizinda zinkathiridwa m'minda ya mphesa ngati manyowa. Mchitidwewo udaletsedwa, koma tizidutswa ta pulasitiki tidatsalira m'nthaka kwa zaka zambiri pambuyo pake. Kutentha kwa dziko kwasinthanso kalendala ya mlimi. M'chaka cha 2003 kukolola kudayamba mu Ogasiti, chinthu chimene chidali chosowa kwambiri kale. Mipesa ikaphukira msanga imakumana ndi chisanu cha mu Epulo, monga zidachitikira mu 2021 pamene mphukira zambiri zidafa. M'chaka cha 2015 kampani ya Taittinger idagula malo ku Kent, m'dziko la England, kumene kuli choko cha mtundu womwewo. Nthaka siyankhula, koma imasunga zonse zimene munthu waichitira, ndipo imabweza kwa ana ndi zidzukulu.

Motero m'nzeru ya feng shui muli mbewu ndiponso muli mankhusu. Mbewu yake ndi kudzichepetsa kumene imaphunzitsa: munthu asanamange kapena kubzala, ayambe wafunsa kumene mphepo imachokera ndi kumene madzi amalowera, pozindikira kuti iye adapeza phiri lilipo ndipo adzalisiya lilipo. Mankhusu ake ndi lonjezo lakuti kakhalidwe ka phiri kapena ka manda a makolo kangabweretse chuma ndi ulamuliro. Lonjezo lotere ndi loopsa chifukwa limachotsa udindo pamapewa a munthu. Wolemera amayamba kuganiza kuti chuma chake ndi mphatso ya malo, naiwala wantchito amene amathyola mphesa ndi manja ataweramira pansi tsiku lonse. Wosauka amayamba kuganiza kuti umphawi wake udalembedwa m'chigwa chimene adabadwiramo, naleka kufunsa za mtengo umene akumugulira zokolola zake.

Pomaliza, yankho la funso lija ndi lakuti malo amapereka malire, pamene munthu ndiye amasankha chochita mkati mwa malirewo. Palibe khama limene lingameretse mphesa za Champagne m'dambo lodzaza madzi, ndiponso palibe chitunda chimene chingalipire mlimi mtengo woyenera. M'chaka cha 2015 bungwe la UNESCO lidaika zitunda, nyumba ndi mapanga a ku Champagne pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse. Nkofunika kuona kuti zitatuzi zidatchulidwa pamodzi: chitunda chimene munthu adachipeza, nyumba imene adamanga, ndi phanga limene adakumba. Amene akufuna mwayi pamalo ake ayenera kudziwa mphepo ndi madzi a pamalopo, kugwira ntchito molimbika, ndi kuchitira chilungamo amene akulima naye limodzi, pakuti chachitatuchi chikasowa, ziwiri zoyambazo sizikwanira kusunga mudzi.