Nkhondo za Patebulo—Kodi Malamulo Ake Amaphunzitsanji?

DZINA lakuti Ekurhuleni m'chinenero cha Chitsonga limatanthauza malo a mtendere. Komabe mu 2018, m'tauni ya Kempton Park ya m'chigawo chimenecho cha South Africa, munamenyedwa nkhondo zambiri popanda kukhetsa mwazi. Kumeneko, pa Emperors Palace, panachitikira msonkhano wa maseŵera wotchedwa ICON, umene unayambika mu 1992. Ena a ofikapo anakhala mozinga matebulo, aliyense akudziyerekezera kukhala msilikali, mbala, kapena wamatsenga wa m'nthano, pamene wotsogolera anali kusimba zochitika ndipo madayisi anali kugamula amene wakantha mnzake.

Kholo lachimalaŵi lokhala ku Tembisa kapena ku Germiston, limene mwana wake waitanidwa ku maseŵera otero, lingafunse kuti: Kodi kupha koyerekezera kuli ndi kanthu?

Si Bawo Wamba

Ena amayankha kuti m'bawo namonso munthu "amadya" nkhomo za mnzake, koma palibe amene amamutcha wakuba. Zimenezo nzoona, ndipo kuponya dayisi sikumasandutsa munthu kukhala wambanda. Ngakhale kuli tero, pali kusiyana. Nkhomo zilibe maina, ndipo sizimachonderera kuti zichitiridwe chifundo. Koma m'maseŵera ameneŵa woseŵerayo amanena ndi pakamwa pake zimene iye mwini adzachita kwa mdani wogonja. Iye akupanga chosankha, ndipo malamulo amamuuza chosankha chimene chidzampindulitsa.

Chimene Chimafupidwa

Maseŵera a Dungeons & Dragons, olembedwa ndi Gary Gygax ndi Dave Arneson ndi kufalitsidwa mu 1974, anatengera zambiri ku Chainmail, maseŵera a nkhondo za tizidole a mu 1971. Nchifukwa chake malamulo ake a kumenyana ali atsatanetsatane. M'kope la 2014, dayisi ya mbali 20 imasonyeza ngati lupanga lalasa, ndipo chigawo chilichonse cha ndewu chimaimira masekondi 6 okha. Motero ndewu ya mphindi imodzi ya m'nthano ingadye ola lathunthu patebulo, pamene kukambitsirana za mtendere kungathe mwa kuponya dayisi kamodzi.

Talingaliraninso za mphotho. M'malamulo oyambirira, munthu wa m'nthanoyo anali kukula mphamvu makamaka mwa kupeza chuma, chotero kuzemba chilombo kaŵirikaŵiri kunali kwanzeru kuposa kulimbana nacho. M'makope ena apambuyo pake, mapointi ochuluka anachokera pa kugonjetsa adani. Kodi nzodabwitsa ngati oseŵera afulumira kusolola lupanga pamene lupangalo ndilo limalipira?

Maseŵera a Call of Cthulhu, olembedwa ndi Sandy Petersen ndi kutulutsidwa mu 1981, anatsatira njira ina. Mmenemo munthu amakhalabe wofooka, ndipo chipolopolo chimodzi kapena ziŵiri zingathetse moyo wake. Oseŵera amaphunzira msanga kufufuza, kufunsa, ndi kuthaŵa. Okonda malamulo oyambawo amati ameneŵa ngankhanza. Okonda achiŵiriwo amati enawo amapeputsa imfa. Kwenikweni, mkangano wawo suli wa manambala chabe. Uli wonena za mtengo umene chiwawa chiyenera kukhala nawo, ngakhale m'nthano.

Thayo la Okhala Patebulo

Komabe, kukakhala kupanda chilungamo kuimba mlandu buku la malamulo lokha. Malamulo a 2014 amalola womenya ndi chida cha m'manja kukomola mdani m'malo mwa kumupha. Amalolanso wotsogolera kukweza oseŵera pamene afika pamfundo yofunika ya nthano, popanda kuŵerenga mitembo. Ngati njira zimenezi sizigwiritsiridwa ntchito, chosankhacho nchawo.

Chotero kholo lanzeru silidzathamangira kuletsa, ndiponso silidzangonyalanyaza. Lingakhale pambali madzulo amodzi ndi kumvetsera. Kodi wogonja amachitiridwa motani? Kodi wopereka lingaliro la kukambitsirana amasekedwa, kapena amamvedwa? Kodi imfa ya m'nthanoyo imasiya amasiye, kapena imangowonjezera mapointi? Woseŵera wachikulire angadzifunse mafunso amodzimodziwo.

Madayisi akabwezedwa m'thumba, zilombo zonse zimazimiririka. Chimene chimatsala ndicho chizoloŵezi cha kuganiza chimene chakhala chikuyesezedwa mlungu ndi mlungu, ndipo chimenecho mwanayo amapita nacho kunyumba.