Wapampando akachedwa, ndani amulipiritse?

Mutu ukakula sulewa nkhonya, anatero makolo. Ambiri timaumva mwambiwu ngati wonena za nkhonya zochokera kwa ena: miseche, madandaulo, anthu ogogoda pakhomo pa nyakwawa pakati pa usiku. Zimenezo zilipodi. Koma nkhonya imene atsogoleri amailewa mwaluso kwambiri ndi ya lamulo lomwe anaika okha. Kuti muione, simukufunika kukwera basi kupita ku Nyumba ya Malamulo. Kakhaleni pamkeka tsiku la banki m'khonde.

Mabanki amenewa sanayambire kwathu kuno. Bungwe la CARE linawayambitsa ku Niger mu 1991 pakati pa amayi akumidzi, ndipo lero ali ponseponse, kumudzi ndi m'tauni momwe. Gulu limakhala la anthu 15 mpaka 25 kapena kuposerako pang'ono. Aliyense amagula masheya, imodzi mpaka asanu pamsonkhano uliwonse, ndipo amadindiridwa m'kabuku kake. Kumene dongosolo limatsatidwa bwino, bokosi limakhala ndi maloko atatu, makiyi ali ndi anthu atatu osiyana, wosunga bokosi alibe kiyi ngakhale imodzi. Amene anaganiza zimenezi ankaudziwa mtima wa munthu. Komabe loko amatseka bokosi basi. Gulu limafa kapena kukhala moyo chifukwa cha tizinthu timene loko sangatseke.

Tiyambe ndi nthawi. Gulu lapangana kuti likumane 2 koloko, wochedwa aponye chindapusa m'mbale. Anthu asonkhana, ena asiya mphika pamoto, ena atseka okala. Dzuwa lapendeka, ndiye awo akubwera amayi wapampando, kuyenda kwake kwa pang'onopang'ono.

"Pepanitu, kunyumba kunali alendo."

Onse ati zii. Mbale ili pomwepo pakati pa mkeka, koma ndani angatsegule pakamwa kuti, "Mayi, chindapusa"? Msonkhano uyamba. Sabata yotsatira ochedwa ndi atatu, ndipo onse anali ndi alendo. Mwana wa ng'ombe mukampeza akudya udzu, anaonera amake. Pofika mwezi wachitatu mbale ija yasanduka yoikamo chidindo ndi cholembera.

Alipo wapampando wina. Nayenso alendo amam'fikira, mwana amam'dwalira, ndi munthu. Koma iye akafika mochedwa, asanapereke n'komwe moni, amamasula mfundo ya chitenje, ndalama n'kugwera m'mbale onse akuona. Sanena kanthu. Kuyambira tsiku limenelo palibe amene angakane chindapusa, ndipo iye safunika kukweza mawu chaka chonse. Kwa ine utsogoleri umayambira pamenepo, pa munthu wokhoza kudzilamula pamene palibe wolimba mtima woti amulamule.

Za ngongole ndiye zimawawa kuposa apa. Mlamu wa msungichuma wabwereka, tsiku lobweza lakwana, chiwongoladzanja chokha chikum'kanika. Msungichuma ayamba kuyang'ana kumbali, kenaka atulutsa mwambi: chibale ndi fupa, sichiola. Zoona, sichiola. Koma mwambi umenewo makolo anaunena kuti tisataye abale pamavuto, osati kuti tidyere limodzi ndalama za mayi wamasiye wogulitsa zitumbuwa. Ngati mukum'mvera chisoni mlamu wanu, pisani m'thumba mwanu mumubwezere. M'bokosi mulibe mlamu.

Mlembi naye ali ndi kamsampha kake, ndipo kamaoneka kosalakwa: "Ndikalemba kunyumba, ndikukumbuka." Sanabe kanthu munthuyu. Wangofika kunyumba n'kupeza mbuzi zalowa m'dimba, mawa kuli maliro, mkuja waiwala ngati mayi wina anabweza zonse kapena theka. Zengerezu analinda kwawukwawu. Chaka chikatha, tsiku logawana, pamene aliyense wawerengera kale matumba a feteleza ndi fizi ya ana, ndalama za m'bokosi ndi za m'buku zikana kugwirizana. Anthu opemphera mpingo umodzi amasiya kupatsana moni chifukwa cha mzere umodzi umene sunalembedwe tsiku lake. N'chifukwa chake pali owerenga ndalama awiri, ndipo chiwerengero chimatchulidwa mokweza gulu lonse likumva. Mtsogoleri wotopa ndi mwambo umenewu, woti "tonse timakhulupirirana, tiyeni tifulumire," ameneyo muzimuyang'ana kawiri.

Palinso kukhala chete, kumene kumavuta ife okalamba kuposa achinyamata. Wapampando akayamba ndiye kunena maganizo ake, nkhani yatha, otsalawo amangovomera ndi mutu kenaka n'kukadandaulira kuchitsime. Wanzeru amaponya nkhani pakati, n'kudikira. Amafunsa dala mtsikana wakhala kumapeto uja, wogula sheya imodzi, amene sanayankhulepo chilowereni. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Nthawi zambiri wachete uja ndiye akudziwa kuti wobwereka wina wasamutsa kale katundu usiku.

Anyamata a masiku ano, adzukulu anga omwe, akamva za utsogoleri amaganiza za maphunziro a kuhotela kunyanja, satifiketi ndi alawansi. Sindikunyoza sukulu ayi. Koma ndaona anthu obwerako ndi zikwama zatsopano ndi mawu atsopano, pomwe ngongole ya thumba la chimanga kwa mnansi ili chikhalire kuyambira dzinja. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu amene ndalama ya sheya amaipatula dzulo lake, asanapite kumsika, amene akalonjeza kuti abwera Lachitatu amabweradi Lachitatu, amene akabwereka khasu amalibweza lotsuka, wayamba kale kutsogolera ngakhale alibe mpando. Nkhanga zinapangana kusanache. Khalidwe limene munthu alibe pakhomo pake sadzalitola panjira tsiku lomusankha.

Ena adzati izi n'zazing'ono, dziko lili ndi mavuto aakulu. Ndikuvomera. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo zimene amayi anasunga chaka chonse zinagula zochepa kuposa zimene ankayembekezera. Limenelo si vuto loti wapampando wa pamkeka angalithetse. Koma pamene ndalama yachepa mphamvu m'pamene tambala iliyonse imafunika kuoneka kumene yapita, ndipo anthu amapirira umphawi mosavuta kusiyana ndi kupusitsidwa.

Tsono mukagawana chaka chino, n'kukhala pansi kusankha atsogoleri atsopano, musathamangire woyankhula bwino kapena wa nyumba yamalata. Muuzeni mlembi atsegule buku pamaso pa onse. Muone amene anabweza ngongole tsiku lake, ndi amene anachedwapo n'kulipira chindapusa osakumbutsidwa. Dzina limenelo ndilo mulitchule.