Kodi munthu angathe kuzenga Mulungu mlandu?

Inu amene mulikukonzekera ubatizo, tsiku lina mwina mudzaika mwana wanu m'manda, pomwe munthu wobera anzace alikudzaza nkhokwe. Pamenepo mtima udzafunsa kuti: Kodi Mulungu ngwolungama?

Musaope funso limeneli. Abrahamu anapembedzera mzinda wa Sodomu, kuti olungama asafere pamodzi ndi oipa. Anayambira pa anthu 50 natsika kufikira 10, ndipo Mulungu sanamkalipire. Yobe anataya ana ace 10 ndi cuma cace conse, nalira kwa Mulungu kuti amuuze cifukwa cace. Abwenzi ace atatu anaumirira kuti iye anacimwa, koma potsiriza Mulungu anakwiyira abwenziwo. Komabe Mulungu atamfunsa za makhazikitsidwe a dziko, Yobe anagwira pakamwa.

Tsono siyanitsani kufunsa ndi kuweruza. Mwana amafunsa bambo wace cifukwa amamkhulupirira. Koma kugamula mlandu nkwa mfumu imene yamva mbali zonse pa bwalo. Ife timaona za lero zokha, Mulungu amaona ciyambi ndi cimariziro.

Cifukwa cace tsoka likagwa, musanene kuti Mulungu walakwa. Musanenenso kuti wovutikayo alikulipira macimo ace, ndipo musapite kukaombeza kuti mupeze womloza cala. Lirani pamaso pa Mulungu, mumfunse m'pemphero, muyang'ane mtanda. Ambuye Yezu anafa opanda chimo, ndipo Atate anawaukitsa tsiku lacitatu. Ifenso tidzamva yankho lonse pa tsiku la ciweruzo.